Tsiku Limene Ndidatseka Mudzi Wonse

Anzanga a pakoleji pano akamva kuti ndidakhalako ku Joni, amayembekezera kuti ndiwasimbira za migodi kapena za apolisi ogwira anthu opanda mapepala. Za migodi sindizidziwa, ndipo apolisi ndidawazemba monga momwe aliyense ankawazembera. Ntchito imene ndidagwira kumeneko idali ya ulonda, koma mbala zimene ndinkalimbana nazo sindidazionepo nkhope ngakhale imodzi. Ndinkangoona manambala azo pagalasi la kompyuta.

Kwathu ndi kumudzi wina kufupi ndi Santhe, kumene dziko ndi lathyathyathya moti munthu wokwera njinga umamuona akadali kutali kwambiri. Bambo adamwalira ine ndili Fomu 2. Adatisiyira munda, chigafa chofoleredwa ndi udzu ndi njinga imodzi. Pakhomo tidatsala atatu: amayi, ine ndi mlongo wanga Estere, wamng'ono kwa ine ndi zaka zisanu. Zidali zaka za makuponi. Anthu akakumana panjira sankafunsananso za mvula. Ankafunsana ngati dzina latuluka. Dzina likatuluka, banja linkagula feteleza pamtengo wotsika ndipo linkakolola. Likapanda kutuluka, chimanga chinkachita chikasu chisadafike m'chiuno, ndipo fodya ankabala masamba onga makutu a mbuzi.

Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndidakhala pakhomo kwa kanthawi, kenako ndidaganiza zopita kunja. Nthawi imeneyo n'kuti bambo wina wogula fodya kwa alimi, a Kamwendo, atayamba kale kufunsa za Estere. Sadali munthu woipa. Mkazi wawo adamwalira, adali ndi nyumba ya malata, ndipo feteleza ankagula osadikira kuponi. Koma Estere adali atangoyamba kumene sekondale, ndipo ankafuna kudzakhala namwino.

Tsiku loti mawa ndinyamuka, ndidakawapeza atsibweni, mlongo wawo wa amayi, akukonza mitengo ya chigafa. Iwo ndiwo adali mwinimbumba wathu, ndipo nkhani ya ukwati wa Estere idali m'manja mwawo. Ndidawapempha kuti mwanayo amusiye amalize sukulu.

"Mphwanga, ine sindigulitsa mwana," adatero osasiya kumanga luzi. "Koma makomo amene akuyang'ana ine ndi anayi, ndipo kuponi siibwera chaka chilichonse. Tichite chonchi. Akadzabweranso a Kamwendo, tidzakufunsa iwe. Ukadzakana, ifenso takana. Koma ukadzangokhala chete mpaka mvula yobzalira, ndidzati wavomera. Mvula siidikira munthu wa ku Joni."

Ndidavomera mosavuta, chifukwa sindinkaona chimene chikadandichititsa kukhala chete. Estere adandiperekeza panjinga mpaka pamsewu. Basi itatulukira adandiuza kuti, "Achimwene, musakasanduke mtchona." Ndidamuseka.

Za ulendowo ndimakumbukira mizere italiitali ya pazipata za mayiko, ndi mtedza wokazinga umene amayi adandimangira m'kansalu. Ndidaugawana ndi anthu osawadziwa, ndipo udatha tisadawoloke chipata chachiwiri.

Ku Joni ndidafikira kwa a Nyirenda, bambo wa kumpoto kwa boma lathu la Kasungu, kumene anthu amayamba chiganizo m'Chichewa n'kuchimaliza m'Chitumbuka. Ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, kokwana bedi limodzi ndi mpando. M'miyezi yozizira tinkayala manyuzipepala pansi pa matiresi ndi kutseka mipata ya chitseko ndi masokosi akale. A Nyirenda ankalondera masana pachipata cha nyumba ina ya maofesi, ndipo ndi iwo amene adandipezera ntchito yosesa ndi kuphika tiyi pakampani yaing'ono ya pansanjika yachitatu. M'mawa uliwonse tinkakwera sitima limodzi, titapanikizana ngati masamba m'belo.

Kampaniyo inkasungira anthu amabizinesi makalata awo a imelo ndi masamba awo a pa intaneti. Zonsezo zinkakhala m'makina aakulu otchedwa seva, m'chipinda chozizira chimene chinkangolira ngati mng'oma wa njuchi. Ine ndinkalowamo kukapukuta fumbi, ndipo adandichenjeza kuti ndisakhudze chingwe chilichonse.

Woyang'anira chitetezo cha makinawo adali mayi wa ku Zimbabwe amene tonse tinkawatcha Sisi Rudo. Kwawo adali mphunzitsi wa masamu. Tsiku lina adandipeza nditaima kumbuyo kwa mpando wawo, tsache lili m'manja, ndikuwerenga mizere imene inkatsika pagalasi. Tinkalankhulana m'Chingerezi, koma mawu awo ndiwalemba m'chilankhulo chathu.

"Malawi, ukuona chiyani pamenepo?" Dzina langa lenileni palibe amene ankavutika nalo pamalopo, ndidali Malawi basi.

"Nambala iyi ikungobwerabwera," ndidayankha ndikuloza. "Yabwera kakhumi ndi kawiri chiimireni pano."

Adandiyang'ana, nayang'ana tsache. "Ukamaliza kusesa ubwere ndi mpando."

Umo ndimo ndidayambira ulonda. Sisi Rudo adandiphunzitsa kuti makina aliwonse akalowa pa intaneti amakhala ndi adiresi, imene ndi magulu anayi a manambala olekanitsidwa ndi madontho. Aliyense wofika pakhomo pa seva yathu, wabwino ndi woipa yemwe, adiresi yake inkalembedwa m'kaundula pamodzi ndi ola, mphindi ndi chimene wadzera. Oipawo adali a mitundu iwiri. Ena ankakhuthulira anthu makalata achinyengo, olonjeza chuma cha masiye kapena mankhwala a mphamvu. Ena ankafuna kuthyola mabokosi a imelo a makasitomala athu. Amenewa ankayesa mawu achinsinsi motsatizana, awa akakanika ena, ngati munthu amene wabwera ndi thumba la makiyi n'kumayesa kiyi aliyense pa loko mmodzi mpaka atapezeka wotsegula. Akatsegula bokosi, ankatumiziramo makalata achinyengo aja m'dzina la mwini wake.

Ntchito yanga idali kuwerenga kaundulayo m'mawa uliwonse, kutolamo maadiresi ovutitsa, kufufuza dziko ndi kampani kumene achokera, ndi kuwaika pamndandanda wa oletsedwa. Adiresi ikalowa pamndandandawo, mpanda wa makina athu unkaibweza isadaone n'komwe chitseko. Pambali pa adiresi iliyonse ndinkalemba chifukwa chake ndi dzina langa. Maadiresi oipitsitsa tinkawatumizanso kumndandanda wina umene alonda a m'mayiko ambiri amathandizana kudzaza, kuti mbala yopezeka kwa ife isakavutitsenso ena.

Ifenso tidakhalapo pamndandanda wa alonda a kunjawo. Kasitomala wina wokonza mipope ya madzi adasankha dzina la galu wake kukhala mawu achinsinsi, ndipo mbala zidalipeza mosavuta. Pofika Lolemba bokosi lake lidali litatumiza makalata achinyengo osawerengeka, ndipo adiresi ya seva yathu idaletsedwa kulikonse. Makalata a makasitomala onse, olakwa ndi osalakwa, adayamba kubwezedwa. Sisi Rudo adatha masiku atatu akulembera anthu osawadziwa, kufotokoza kuti bowo latsekedwa. Wokonza mipopeyo adabwera yekha kuofesi chipewa chili m'manja, akufunsa ngati amangidwa.

"Waona?" Sisi Rudo adandiuza bamboyo atapita. "Sabata ino, kwa alonda a kwina, mbala ndife."

Padali malamulo awiri amene ankawabwereza kawirikawiri. Loyamba lidali la kumvetsera kagogodedwe. "Makina amagogoda mofanana, ngati denga lodontha," ankatero. "Munthu amagogoda, n'kukanda m'mutu, n'kugogodanso. Usanatseke, yang'ana nthawi." Lachiwiri lidali lakuti adiresi si munthu. Nthawi zambiri kompyuta yovutitsayo inkakhala ya munthu wosalakwa, imene yagwidwa ndi vayirasi, mbala yeniyeni ikuiyendetsa ili kutsidya kwa nyanja. Komanso kuseri kwa adiresi imodzi kumatha kukhala anthu ambiri. Maadiresi oyandikana manambala Sisi Rudo ankawatcha mudzi. "Tseka khomo limene lalakwa. Mudzi usamautseke wekha, uzindifunsa."

A Nyirenda nkhani ya ntchito yanga yatsopanoyi inkawaseketsa.

"Ndiye kuti tonse ndife alonda, mwana wakwithu?" adandifunsa tsiku lina m'sitima. "Chibonga chako chili kuti?"

"Ine ndimagwiritsa ntchito zala."

"Nanga wakubayo ukamugwira umapita naye kuti?"

"Sindimugwira. Ndimangomutsekera."

"Yayi, ulonda wako ngwaulesi. Ine mbala ndimaidziwira nsapato. Iwe udzatsekera panja ndi mwininyumba yemwe."

Bwana wathu ankalola wantchito aliyense kutsegulira wachibale mmodzi bokosi la makalata pa seva yathu. Ine ndidatsegulira Estere. Pa Santhe padali bambo wina amene adali ndi kasitolo kojambulira mapepala, ndipo adaikamo makompyuta awiri olipiritsa pamphindi. Loweruka lililonse Estere ankapalasa njinga ya bambo kupita kumeneko. Kalata ankayamba wailemba papepala kunyumba, kuti asakataye nthawi poganiza ali pakompyuta. Lolemba m'mawa, ndisadatsegule kaundula, ndinkayamba ndawerenga kalata yake: za bondo la amayi, za nsapato za sukulu zimene ndidamutumizira n'kupezeka zazikulu, za mphunzitsi wa sayansi amene ankatchula mafupa onse a munthu osayang'ana m'buku. Ndinkanyadira kuti mawu a mlongo wanga ankagona m'chipinda chimene ndinkasesa ndekha.

Chaka changa chachitatu, nyengo yotentha itayamba, adandibera foni m'sitima. Idapita ndi manambala onse, kuphatikizapo ya aphunzitsi oyandikana nafe kumudzi, imene ndinkaimbira ndikafuna kulankhula ndi amayi. Sindidadandaule kwambiri, poti bokosi la Estere lidalipo. Lolemba lotsatira ndidapezamo kalata yaifupi:

"Achimwene, foni yanu siikupezeka. Mayina atuluka, lathu palibe. A Kamwendo anabwera kwa atsibweni ndipo alonjeza feteleza wa makomo onse anayi. Atsibweni akuti ndikufunseni, adikira mpaka mvula. Ine sindikufuna, koma amayi akuonda ndi maganizo. Ndibweranso Loweruka kudzaona yankho."

Ndidayankha nthawi yomweyo. Ndidalemba kuti ndakana, kuti feteleza ndigula ine, ndipo ndidaikapo nambala yanga yatsopano. Nditatumiza ndidapuma, poona ngati nkhani yatha.

Sabata imeneyo Sisi Rudo kudalibe. Adapita kwawo kumaliro a mchimwene wawo, ndipo mapepala awo obwererera adachedwa. Ulonda wonse adandisiyira ine. Lachitatu m'mawa ndidapeza kaundula atadzaza. Ogogoda adali kuyesa mabokosi a makasitomala mosalekeza. Ndidatseka adiresi yoyamba. Padabwera ina yosiyana nambala yomaliza yokha. Ndidatseka imeneyo, padabweranso ina ya mudzi womwewo. Nditafufuza kumene ankachokera, pagalasi padatuluka dzina la dziko lathu.

Padali mnzathu wina wa komweko, Thabo, katswiri wokonza masamba a pa intaneti, munthu wokonda nthabwala. Adasuzumira paphewa panga naitana ena.

"Bwerani mudzaone. Abale ake a Malawi abwera kudzamuchezera. Kodi kiyi unawapatsa ndiwe?"

Onse adaseka, ndi bwana yemwe. Sikuti ankandiganizira zoipa, koma munthu amene sadakhalepo mlendo m'dziko la eni sangamvetse mmene nthabwala yotere imawotchera mumtima. Zaka zonsezo ndinkayenda mosamala kuti pasapezeke wonena kuti Mmalawi waba kanthu. Ngakhale shuga wa tiyi ndinkaopa kuti angathe msanga. Bwana adandigwira paphewa nati, "Usawachitire chifundo chifukwa ndi akwanu."

Ndidayang'ananso pagalasi. Maadiresiwo adalembetsedwa m'dzina la kampani ina ya mafoni, ndipo malo ake adalembedwa kuti ndi mumzinda. Ndidadziuza kuti amenewa ndi a m'tauni, ndipo kwathu n'kutali ndi tauni. Sindidaganize kuti kampani imalembetsa maadiresi ake onse kulikulu, ngakhale owagwiritsa ntchito ali kumidzi. Kunena zoona, sindidafune kuganiza. Ndidafuna kuti kusekako kuthe. Ndidatseka mudzi wonse wa maadiresiwo ndi mzere umodzi, ndipo pambali pake ndidalemba chifukwa ndi dzina langa. Kaundula adati zii. Thabo adawomba m'manja, ndipo bwana adanditcha mlonda wopanda tsankho.

Loweruka lidadutsa, ndipo Lolemba sindidapeze kalata. Ndidati mwina ali kalikiliki kuthirira nazale ya fodya. Lolemba linalo ndidati ndi mayeso. Ndidalembanso makalata awiri, kufunsa njira yabwino yotumizira thandizo la feteleza. A Nyirenda adandilangiza kuti ndilembe papepala ndipatse madalaivala opita kumudzi.

"Pepala lili ndi miyendo," adatero. "Limafika, ngakhale litada."

"Kalata ya pamakina siitayika, a Nyirenda. Ikafika m'bokosi, yafika."

"Nanga bwanji sakuyankha?"

"Ndiye kuti zinthu zili bwino. Anthu amalemba pakakhala vuto."

Mawu amenewo ndimawakumbukira kuposa ena onse amene ndidalankhula ku Joni.

Sisi Rudo adabwerako patapita miyezi iwiri yathunthu, ataonda. Tsiku lawo loyamba adakhala pansi kuunika mndandanda wa oletsedwa, monga mwa chizolowezi chawo. Chakumasana adandiitana. Sadakweze mawu.

"Malawi, mudzi uwu anatseka ndani?"

"Ndine, Sisi. Ankavutitsa kwambiri."

"Ndaona. Nanga mlongo wako uja amalowera kuti akafuna kuwerenga makalata ako?"

Adatsegula mbiri ya bokosi la Estere. Adiresi imene adalowera komaliza idali ya mudzi womwewo. Makalata anga atatu adali pomwepo, osatsegulidwa. Kukana kwanga kudagona masabata onsewo m'chipinda chozizira chija, mapazi khumi kuchokera pampando wanga, ndipo ine mwini ndinkadutsa pambali pake tsiku ndi tsiku.

Kenako adatsegula kaundula wa mpanda, mmene mumalembedwa onse obwezedwa pachipata. Ine ndidali ndisadamuyang'anepo chitsekereni. Masiku oyambirira mudali kugogoda kwa makina, kofanana ngati denga lodontha. Patapita masiku angapo kudaleka. Mwina eni makompyutawo adachotsa vayirasi. Zitatero mudatsala mizere yochepa yokha, ndipo yonse idali ya Loweruka, dzuwa litakwera pang'ono. Kugogoda kamodzi. Mphindi zitatu. Kugogoda kawiri motsatizana. Mphindi khumi. Kugogodanso. Kenako zii mpaka Loweruka linalo.

Ndidawerenga ndi chala pagalasi. Masiku a Loweruka adakwana asanu ndi awiri. Pakati padali limodzi lopanda kanthu, ndipo ndidati mwina tsiku limenelo sadabwere. La sabata yongotha kumeneyo nalonso lidalibe kanthu.

"Uyu ndi munthu," Sisi Rudo adatero motsitsa mawu. Adachotsa mzere wanga uja pamndandanda, nasiyapo maadiresi atatu okha amene adalakwadi. Kenako adadzuka, napita kukhitchini, nabwera ndi kapu ya tiyi n'kuiika patsogolo panga. Zaka zitatu ndidakhala ndikuwaphikira tiyi. Tsiku limenelo adandiphikira ndi iwo. Kwa bwana adangonena kuti padali mzere wofunika kukonza. Thabo atamva nkhani yonse adabwera naima pafupi, ndipo pomaliza adandipatsa foni yake kuti ndiimbe kulikonse kumene ndikufuna. Koma ndidalibe nambala yoti ndiimbe.

Adathandiza ndi a Nyirenda. Za pepala la miyendo sadandikumbutse. Adaimbira mphwawo wa pa Kasungu, namupempha kuti akwere matola mpaka pa Santhe akafunse mudzi wathu. Yankho lidabwera patapita masiku awiri, tili pasiteshoni kudikira sitima. A Nyirenda adamvetsera nthawi yaitali akungoti "enya, enya," kenako adaika foni m'thumba.

"Mvula inagwa sabata yatha," adatero. "Chinkhoswe chachitika. Mwana ali kwa a Kamwendo."

Sitima idabwera, ndipo tidaisiya ipite.

Ndidakhalabe ku Joni zaka zina ziwiri. Ena angafunse chifukwa chimene sindidanyamukire tsiku lomwelo. Nditapezanso nambala ya aphunzitsi aja ndidalankhula ndi atsibweni, ndipo adandiyankha modekha kuti ukwati womangidwa ndi ankhoswe a mbali ziwiri suphwasulidwa pafoni, komanso feteleza adali atalowa kale m'minda inayi. Estere sadafune kubwera pafoni. Chifukwa chenicheni cha kukhala chete kwanga sindidauze aliyense kumudzi. Ndidangoti makina adavuta, ndipo adandikhulupirira, pakuti makina amavutadi.

Kuyambira pamenepo ntchito ndidaigwira mosiyana. Adiresi iliyonse ndisadaitseke ndinkayamba ndayang'ana nthawi ya kugogoda kwake. Ndikatseka, ndinkalemba tsiku loti ndidzaiyang'anenso, ndipo Lachisanu lililonse ndinkawerenga kaundula wa obwezedwa mzere ndi mzere. Ndidapezamo anthu: mayi wogulitsa maluwa amene adaiwala mawu ake achinsinsi, ndi sukulu yathunthu imene idatsekeredwa chifukwa cha kompyuta imodzi. Mbala zidalipobe, ndipo ndinkazitsekera ndithu. Sindikufuna wina aganize kuti ulondawo ndi wachabe, pakuti popanda iwo mabokosi a anthu akadathyoledwa tsiku lililonse. Koma ndidaleka kukondwera kaundula akati zii.

Bokosi la Estere sindidalichotse. Silidatsegulidwenso.

Ndidabwerera kumudzi nyengo yosankha fodya, nditapeza malo pakoleji pano. Sisi Rudo adandipatsa buku lawo la masamu. A Nyirenda adandiperekeza kubasi nandiveka chipewa chawo chaubweya, ati kwathu sichikagwira ntchito koma ndizikakumbukira kuzizira.

Amayi ndidawapeza atakalamba kuposa mmene ndinkaganizira, akuyenda ndi ndodo. Chigafa cha bambo chidali chitafoleredwa mwatsopano. Atsibweni adandilandira bwino, ndipo titakhala pansi adangoti, "Tinadikira, mphwanga. Mpaka mabingu." Sindidawatsutse. Anthu ena m'mudzi ankanditcha mtchona chakumbali, koma amayi adandiuza kuti Estere sankalola zimenezo. Aliyense wonena kuti ndidamutaya ankamuyankha kuti achimwene ake sangatero, adalakwa ndi makina.

Mawu amenewo adandisowetsa mtendere kuposa kunyozedwa. M'mawa mwake ndidatenga njinga ya bambo kupita kwa a Kamwendo. Iwo kudalibe, adapita kuokushoni ndi mabelo. Estere ndidamupeza m'chigafa atakhala pamphasa, mwana wamkazi ali kumsana, akusankha masamba: ofiirira mbali iyi, owala mbali iyo, ong'ambika kumbuyo. Adali atasanduka mayi wa pakhomo, ndipo sindidadziwe ngati ndinene kuti iwe kapena inu.

"Mwafika, achimwene," adatero. "Mwanenepa."

"Ndi kuzizira," ndidayankha, ndipo tonse tidaseka pang'ono, ngakhale yankholo lidalibe nzeru.

Tidakamba za ulendo, za mwana, za bondo la amayi. Adati a Kamwendo samuzunza, ndipo akuti mwana akakulako adzamulola kukalowa sukulu yamadzulo. Adazinena mosasangalala komanso mosadandaula, manja akugwirabe ntchito. Ndidaona kuti ndikapanda kunena tsiku limenelo sindidzanenanso.

"Estere, makina sanavute. Ndinatseka ndine."

Manja ake adaima. Ndidamufotokozera zonse: ogogoda aja, kuseka kwa anzanga, mzere umodzi uja, ndi yankho langa limene lidagona m'bokosi. Ndidafotokoza mwatsatanetsatane monga momwe ndalembera pano, osadzichepetsera mlandu. Iye ankangoyang'ana tsamba limene lidali m'manja mwake, akuliwongola pabondo.

"Munalemba kuti chiyani?" adafunsa.

"Kuti ndakana."

Adagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndinkadziwa." Adaika tsambalo pamulu wa owala. "Ndiye mukuti makina anuwo ankalemba ndikabwera?"

"Ankalemba. Ola ndi mphindi yomwe. Ndinaziona mochedwa."

"Analemba kangati?"

"Kasanu ndi kawiri."

"Kasanu ndi katatu," adatero. "Tsiku lina magetsi anazima. Ndinakhala pakhonde la sitolo mpaka dzuwa kupendeka, osayaka."

Tsiku limenelo silidalembedwe m'kaundula aliyense. Mwana adadzuka kumsana nayamba kulira. Estere adamugwedeza mpaka adatonthola, kenako adasendeza mulu wa fodya wosasankha kufupi ndi mapazi anga.

"Khalani pansi, atsibweni ake a mwanayu," adatero. "Ofiirira kuno, owala uko. Muziyang'ana tsamba lililonse palokha."